SIPULING'I IMASANKHIDWA NDI KATUNDU, OSATI NDI MASO

Anyamata a kunyanja, ndine uja wa mainjini. Lero za kabuleta ndi giyabokisi ya Yamaha tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za kunsi kwa galimoto, chifukwa sabata ino yokha anthu atatu anditumizira chithunzi chimodzimodzi cha pa Facebook. Hilux yokwezedwa ngati nkhokwe, matayala ngati a thirakitala, ati "aise, ija ya madala uichite chonchi." Mmodzi mwa atatuwo wagula kale yake yakufa ku Mangochi, ndipo ndamva kuti Lolemba akupita nayo kwa owotcherera kukaiwonjezera malifi. Amwene, mukudzidziwa. Musananyamuke werengani kaye izi. N'zazitali inde, koma bandulo yake siifika mtengo wa lifi imodzi.

Amene mumafika kuno ku Msaka mukuidziwa Hilux yoyera ija inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zinayi, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndi LN106, injini ya 3L, dizilo 2.8, zija Toyota ankapanga kuyambira 1988 mpaka 1997. Kutsogolo ili ndi ekiselo yathunthu ngati yakumbuyo, ndipo masipuling'i ake konsekonse ndi a zitsulo zosanjikiza zija timati malifi. Madala anagulitsa boti limodzi pamodzi ndi injini yake kuti aigule, cholinga tisiye kuthera ndalama pa hayala potumiza usipa ku Lilongwe. Nde mumvetse kuti ndikamanena za galimotoyi, ndikunena za boti la madala limene linamera matayala.

Injini ndinaidzutsa ndekha, sinandivute. Pomwe ndinagwa chagada ndi pa masipuling'i, chifukwa ndinkaganiza kuti chitsulo n'chitsulo basi.

Akumbuyo anali atagona, owongoka ngati thabwa, galimoto ikukhalira pa kamphira kaja koletsa ekiselo kugunda chasisi, kamene amati bump stop. Mkulu wina wowotcherera, dzina tisiye, anati zosavuta izi. Anamasula malifi onse, n'kumawapinda imodziimodzi ndi hamala pa chidutswa cha njanji. Kenako analowetsamo malifi atatu a lole yakufa mbali iliyonse, n'kudula yekha mashakolo aatali. Ma shock ndinakagula otchipitsitsa m'tauni. Pa bokosi panalembedwa dzina lodziwika ndithu, koma mtengo wake unkachita kundinong'oneza kuti eni dzinalo sanawaonepo. Galimoto inatuluka itatukula kumbuyo ngati bakha akusaka chakudya pansi pa madzi. Padooko anthu anaimba malikhweru. Ineyo n'kujambula, n'kuika pa status, kkkk.

Chisangalalo chinatha ulendo woyamba. Ikakhala yopanda katundu inkadumpha ngati bwato pa mwera, mpaka mayi ena tinawatenga panjira anagogoda kuti bola atsike aziyenda pansi. Pa timizere tija ta msewu wafumbi tokhala ngati malata, kumbuyo kunkangochoka kokha kumalowera m'mbali, poti tayala limene lili m'malere siligwira msewu. Patatha miyezi iwiri shock yakumanja inathothola bulaketi yake. Inali yaifupi. Galimoto takweza koma shock ndi ya msinkhu wakale, nde ekiselo ikati itsike, shock ndi imene inkaigwira ngati chingwe cha nangula. Mapeto ake, usiku wina titanyamula nsomba zaziwisi za ayezi za anthu atatu, lifi yaikulu ija yokhala ndi maso, main leaf, inathyoka pafupi ndi diso tisanafike pa tala. Tinamanga ndi mtengo ndi chingwe cha ukonde, n'kumayenda ngati tanyamula maliro. Pofika pa tala dzuwa lili pamutu, ayezi yense ali madzi. Nsombazo zina tinagulitsa mtengo wolira, zina tinangogawira anthu kuti akawambe. Madala anabweza ndalama za eni ake osanena kanthu. Kukhala chete kwa madala ena mukukudziwa. Bola akanandilalatira.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikuwerenga, ndikufunsa akuluakulu amene akalambira pansi pa ma Land Cruiser, ndipo chimene ndapeza n'choti ambirife timasokoneza zinthu ziwiri. Sipuling'i ndi shock ndi antchito awiri, aliyense ntchito yake. Sipuling'i ndi imene imasenza. Shock siisenza kanthu. Yake ndi yoletsa sipuling'i kupitiriza kuvina ikagunda dzenje. Mkati mwake muli pisitoni yoyenda m'mafuta, mafutawo akudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, nde mphamvu ya kudumpha ija imasanduka kutentha. Galimoto yogwa kumbuyo, ngakhale muigulire shock ya mtengo wa ng'ombe, igwabe.

Aja munkathawa Physics kupita kukawedza mbuna, Hooke uja wakupezani. Lamulo lake limati sipuling'i imatsika molingana ndi kulemera kumene mwaisenzetsa. Tingoyerekeza kuti sipuling'i imodzi imatsika sentimita imodzi pa makilogalamu 70 alionse. Ziwiri zakumbuyo ndiye kuti 140. Mwaika makilogalamu 700 pamwamba pa ekiselo, galimoto itsika masentimita 5. Ngati mpata wofika pa bump stop unali masentimita 10, mwatsala ndi 5 oti mumezere maenje. Ikakhala yofewa kwambiri mpatawo umatha, dzenje lililonse likumenya chasisi. Ikakhala yolimba kwambiri siitsika n'komwe, ndipo dzenjelo limadutsa osamezedwa, kukafika pa msana wanu, pa mabawuti, pa bodi. Nkhani yonse yagona pa samu imeneyi.

Chondidabwitsa n'choti kunyanja samuyi timaidziwa kale. Injini ya 40 ili pa boti la chilimira, ukonde wonyowa, anthu khumi, sitiipatsa pulopela yofanana ndi ya boti lonyamula alendo anayi ku Cape Maclear. Yamaha amati injiniyo ukaitsegula yonse izizungulira pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa mphindi. Ukaika pulopela ya pitch yaikulu pa boti lolemera, imangobuula osafika pamenepo, mafuta akupita. Palibe mwana wa msodzi amene amasankha pulopela chifukwa ikunyezimira. Woyamba amafunsa ndi katundu wa botilo. Koma tikangofika pa galimoto nzeru yonseyi timaisiya m'madzi.

Ulendo uno ndinayamba ndi kope ndi sikelo ya chimanga. Ndinalemba kaye zinthu zimene sizitsika m'galimoto chaka chonse: felemu ya zitsulo yomangirapo katundu, tayala lachiwiri la sipeya, bokosi la masipanala, jeki, zigubu ziwiri za dizilo. Kwa ine zinafika cha m'ma 180. Kenako katundu wobwera n'kupita. Usipa wouma umanamiza maso, matumba amadutsa denga koma kulemera kwake n'kochepa. Zaziwisi ndi zina, chifukwa ayezi ndi madzi, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Dramu ya petulo ya malita 200 ndi pafupifupi makilogalamu 150, osawerengera chitsulo cha dramuyo. Enduro 40 imodzi ili cha m'ma 70. Pobwerera, matumba 10 a simenti ndi 500 osachotsera, kuphatikizapo kachewere wa ku Dedza amene mayi sangalole kuti ubwere wopanda.

Mukuona kuti galimoto imodzi ili ndi miyoyo itatu? Lero yopepuka koma katundu ali m'mwamba, mawa yolemera, mkucha yopanda kanthu ikuthamangira kuchipatala ku Monkey Bay ndi wodwala. Sipuling'i yoyenera moyo woterewu ndi ya magawo awiri. Pamwamba pali malifi ofewerako ogwira ntchito nthawi zonse. Pansi pake pali lifi yonenepa, yowongoka, imene imangokhala phee mpaka katundu atalemera, malifi apamwamba aja n'kudzaitsamira. Amati overload. Toyota anaika kale zimenezi. Ife polowetsa malifi a lole pakati tinapha nzeru imeneyi, galimoto n'kukhala yolimba ili ndi katundu, yolimba ilibe. Ndipo chitsulo chotopa ukachipinda ndi hamala sichisanduka chatsopano. Chimaimirira miyezi yochepa, kenako chimagona kapena kuthyoka.

Makampani a ku Australia monga Old Man Emu ndi Ironman, amene ma Hilux okongola a pa Facebook aja amavala, amalemba pa masipuling'i awo kuti awa ndi a katundu wakuti, nthawi zambiri ndi liwu loti constant. Liwu limenelo likutanthauza katundu wosatsika m'galimoto, osati amene mumanyamula kamodzi pa sabata. Apa ndi pomwe amuna timagwera, timaloza nambala yaikulu poganiza kuti ndiyo yamphamvu. Wosatsika wanu ali 180, inu mwagula ya 500, mwagula msana wowawa ndi ming'alu pa bodi. Kutsogolo n'kosavuta. Injini siisintha kulemera, nde ngati simunaikeko chibampala chachitsulo ndi winchi, siyani za msinkhu wake. Chongoti musamale, masipuling'i ena akumanja ndi akumanzere safanana, chifukwa mbali ina imasenza dalaivala ndi zina. Ena amalembapo A ndi B. Mukasinthanitsa, galimoto iima mopendekeka ngati boti lolowa madzi.

Tsopano za kukweza, poti ndi pomwe mitima yanu ili. Maganizo anga ndi akuti pa galimoto yogwira ntchito musadutse mamilimita 50, ndipo ambirife ngakhale amenewo sitikuwafuna. Mukangoika masipuling'i atsopano a msinkhu wake pamalo pa ogona aja, galimoto imadzuka yokha mpaka mudabwa. Komanso kukweza masipuling'i kumakweza bodi, osati difu. Mphika wa difu uja, umene umakhula mumchenga ndi kugunda miyala, umakhalabe pomwepo, umakwera ndi kukula kwa tayala basi. Pamchenga wa padooko chimene chimakupulumutsa ndi kuphwetsako matayala ndi kukumbukira kutseka mahabu akutsogolo, osati msinkhu. Kwinaku matumba a usipa mwaunjika kudutsa denga. Mukudziwa chimachitika n'chiyani anthu akaimirira onse m'bwato. Galimoto yokwera, katundu wokwera, pa khona, ndi zomwezo.

Pa LN106 palinso za chiwongolero. Mkono wochokera ku bokosi la chiwongolero umapita ku tayala kukalumikizana ndi chitsulo chopindika ngati J. Mukakweza kwambiri, mkonowo umapendekeka, nde tayala likagunda bampu chiwongolero chimadzikhotera chokha m'manja mwanu. Mashakolo aatali nawo amatembenuza ekiselo pang'ono, kumbuyo propshaft n'kuyamba kunjenjemera, ma cross ake kumatha ngati sopo.

Koma chimene chimandidzutsa usiku ndi china, ndipo pa gulu pano sindinachinenepo. Kunsi kwa Hilux, kumbuyo, kuli kavalavu ka mabuleki kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo kachitsulo. Amati LSPV. Ntchito yake ndi kumva ngati galimoto yalemera. Bodi ikatsika ndi katundu, kamatsegula kuti mabuleki akumbuyo agwire mwamphamvu. Bodi ikakhala pamwamba, kamaganiza kuti mulibe kanthu, n'kuchepetsa mphamvu kuti matayala akumbuyo asakhululuke pamsewu. Tsono taganizani, ife takweza kumbuyo, taikanso malifi osatsika. Kavalavu kaja kankaona ngati galimoto ilibe kanthu nthawi zonse. Main leaf isanathyoke, tsiku lina ndikutsika Khwekhwerere kuchokera ku Masasa ndi simenti ndi kachewere, ntchito yonse inatsalira mabuleki akutsogolo. Pakati pa phiri fungo la kupsa linalowa m'kabini, pedulo n'kuyamba kumira. Ndinatsika ndi giya yaing'ono ndi pemphero, mng'ono wanga ali pambali panga akusewera pa foni osadziwa kanthu. Titafika pa Golomoti ndinaima, miyendo ikukana kutsika. Nthawi imeneyo ndinkati ndi mapadi oipa. Wowotcherera sanandiuze za kavalavuka, mwina nayenso sankakadziwa. Aliyense amene wakweza kumbuyo kwa Hilux kapena Land Cruiser osakweza bulaketi ya kandodoko mofanana, akuyenda ndi mabuleki akumbuyo ofooka osadziwa.

Ndiwonjezere pomwepa kuti sipuling'i yolimba siisandutsa Hilux kukhala lole. Kulemera konse kumene galimoto ikuloledwa kufika, GVM, kunalembedwa m'mapepala ake. Ya kabini imodzi ngati yathuyi imanyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo mu tani imeneyo muli inuyo, anzanu, ndi felemu ija. Malifi owonjezera amangobisa kuti mwapyoletsa. Mabuleki, maberingi ndi matayala akudziwa chilungamo.

Za ma shock, choyamba ndi kutalika, dzina pambuyo. Chotsani shock, kwezani galimoto pa chasisi mpaka matayala alendewere, yezani ndi tepi kuchokera pomangira pamwamba mpaka pansi. Kenako yezani mpata umene ungatsale ekiselo itagunda bump stop, n'kuchotserako pang'ono poti mphira imafinyika. Shock ikatsekeka yonse ikhale yaifupi kuposa muyeso wachiwiriwo, apo ayi ndiyo izilandira nkhonya m'malo mwa mphira. Ikatambasuka isapelewere kutali ndi muyeso woyamba uja. Muli pomwepo yang'anani paipi ya mphira ya mabuleki, isakokeke ngati chingwe cha mbedza yakodwa kampango.

Chachiwiri ndi kutentha. Pa msewu wa malata uja shock imapopa kambirimbiri pa mphindi, mafuta amatentha n'kuchita thovu ngati Chibuku chokhutchumula, ndipo pisitoni yoyenda mu thovu siigwira kanthu. N'chifukwa chake galimoto imayamba bwinobwino koma pakatha makilomita angapo n'kuyamba kusambira. Za gasi zimathandiza, chifukwa nayitrojeni wa mkatimo amapanikiza mafuta kuti asachite thovu msanga. Zilipo za chubu chimodzi, ngati zimene Bilstein amatchuka nazo. Zimazizira msanga, koma pisitoni imayenda m'khoma lakunja lomwelo, nde mwala ukangolifwanyula, yatha. Za machubu awiri zimasunga kutentha pang'ono koma zimapirira miyala, poti chubu chakunja n'chosungira mafuta chabe. Kwa misewu yathu ino ine ndasankha ya machubu awiri, yonenepa, ya gasi. KYB, Gabriel kapena Monroe yeniyeni pa galimoto ya msinkhu wake ndi yokwanira. Liwu lofunika ndi "yeniyeni". Inyamuleni mumve kulemera, yang'anani nambala yodindidwa pa chitsulo osati pa sitika pokha, ipanikizeni ndi manja mumve ngati ikukana mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Gulani ziwiriziwiri. Zimene zili pa galimoto panopa muthanso kuziyesa ulele: yendani pa fumbi makilomita 10, imani, khudzani mosamala ndi kuseri kwa dzanja. Yofunda ikugwira ntchito. Yozizira inafa kale, mukungoyenda ndi mtembo.

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima. "Akulu, ndalama zake ziti? Sipeya aliyense wakwera." Zoona zimenezo, ndipo ine Old Man Emu sindinagule, ndikungoilemekeza patali. Ndinaitanitsa kudzera kwa mnzathu wa ku Joni masipuling'i atsopano wamba. Akutsogolo a msinkhu wake, akumbuyo olimbirako pang'ono molingana ndi 180 wanga uja, okhala ndi overload yake. Zanditengera miyezi isanu yokonza mainjini a anthu osagula ngakhale nsapato. Ngati zimenezi sizingatheke, njira ilipo. Pezani masipuling'i a Toyota enieni kwa ophwasula magalimoto, awiri ochokera pa galimoto imodzi. Achapeni, muyang'ane ming'alu pafupi ndi maso ndi pa bowo lapakati, muonenso ngati nsonga za malifi sizinadye anzawo. Lifi yothyoka isinthidwe ndi yofanana m'lifupi ndi kunenepa. Kuwonjezera lifi imodzi yaitali ya mtundu womwewo, sindikangana nanu. Koma yowotcherera ayi, yootcha pamoto ayi, ya lole ayi. Ndipo ma U-bolt ndi bawuti yapakati gulani zatsopano zivute zitani. U-bolt ikamangidwa imatamuka, yakale siigwiranso mofanana, ndipo malifi akayamba kusewera pakati amathyokera pa bowo paja.

Mkulu wowotcherera uja sindimusungira chakukhosi. Ndinafika n'kunena kuti "ikwere", ndipo inakwera. Sanandifunse kuti ndimanyamula chiyani, inenso sindinamuuze.

Pomanga pali tizinthu tochepa timene timaononga ntchito yonse. Mabawuti a mabushi a mphira amalimbitsidwa galimoto itatsika pa jeki, itaima pa matayala ake, apo ayi mphira imakhala yopotoka n'kung'ambika msanga. Ma U-bolt mudzawabwereze mukayenda makilomita 500. Girizi pakati pa malifi musapake, kuno kwa mchenga amasanduka phala lopera chitsulo. Ndipo madzi a nsomba aja otsika m'bodi n'kumadonthera pa masipuling'i, apangireni kapaipi azigwera kwina. Nyanja yathu ilibe mchere, koma dzimbiri limene ndinapeza pansi pa malifi akale likanakuchititsani manyazi.

Katundu wafika dzana pa basi. Loweruka 7 koloko m'mawa tikumanga pansi pa mango pomwe paja. Amene ali ndi torque wrench andibwereke, ndibweza ndi mulu wa utaka. Amwene a Lolemba aja, bwerani ndi kope, tepi, ndi mndandanda wa zonse zimene mukufuna kumanyamula, tiyambire kuyeza yanuyo musanapite kulikonse. Madala auza mayi kuti awatulutsire mpando adzaonerere. Kwa ine sananenebe kanthu.